Masamba pa Msewu wa Liwiro

Sindikumbuka chaka chimene ndinachoka kwathu. Chimene ndikukumbuka n'chakuti kunali mphepo, udzu utauma, ndipo ndinali pa njinga imene malume anga anandisiyira. Kuyambira pamenepo moyo wanga wakhala ngati wa munthu amene akulota ali pa ulendo. Umafika pamalo, umakhala, manja ako amaphunzira kanthu, kenaka tsiku lina umangozindikira kuti uli kale pa msewu wina. Sindidandaula. Iye amene amadyetsa mbalame zakutchire sanandiiwale.

Malo oyamba anali pamphambano, pamene misewu ya fumbi inkakumana ndi wa tala. Kumeneko ndinaphunzira kabaza. Ndinaphunzira kuti munthu wonenepa wodekha amanyamulika bwino kuposa woonda wamantha, ndiponso kuti chitunda sumachiyang'ana pamwamba. Tsiku lina ndinanyamula bambo wina wovala taye, amene ankathamangira basi. Titangokhota, tinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu, chizindikiro chakuti pamudzipo pagwa maliro. Ndinagwira mabuleki.

"Iwe, ukuimiranji? Basi indisiya!"

"Masamba, bwana."

"Wamwalirayo ukumudziwa?"

"Ayi, bwana."

"Nanga?"

Ndinatsika njinga. Anatsika akung'ung'udza, ine n'kumakankha njinga, iye pambuyo panga, mpaka tinadutsa masamba a mbali inayo. Amayi ankaimba chapansipansi kuseri kwa nyumba. Basi inamusiyadi, ndipo bamboyo sanakwerenso njinga yanga.

Maondo atayamba kudandaula, ndinapezeka m'tauni yonunkhira utuchi, pa shedi ya a Kamtedza, mmisiri wa mabokosi a maliro. Anali nkhalamba yokonda kuseka, mkulu wa mpingo, woimba besi. Anandiphunzitsa macheka ndi kupala thabwa. Ataona kuti dzanja langa silinjenjemera, anandipatsa burashi kuti ndizilemba zikwangwani. Ndinayamba ndi zilembo, kenaka nkhunda, kenaka nkhope za anthu.

"Mwana wanga," ankatero, "usamaumire misomali pansi pa bokosi. Munthu sapepuka akafa. Amalemera koposa, chifukwa onse omukonda atsamira pomwepo."

Mvula inabwera n'kupita kangapo. Tsiku lina a Kamtedza sanafike ku shedi. Bokosi lawo ndinakhoma ndine, ndipo misomali sindinaumire. Nthambi zoyala pamsewu ndinakathyolanso ndine. Ndinaima chapatali n'kumaona anthu osawadziwa n'komwe akutsika njinga zawo chifukwa cha nkhalamba yanga, ndipo ndinayamika Mulungu chifukwa cha aliyense wa iwo. Shedi inatsekedwa. Ine ndinatenga maburashi.

Tauni yotsatira inali ya magetsi othimathima. Kumeneko mwini kanyumba kena koseweretsamo magemu a pa kanema anandipatsa ntchito yojambula khoma lake lakunja. Ankafuna amuna a minofu, zibakera zili m'mwamba, moto kumbuyo kwawo. Ndili pa makwerero, ndinamva mawu a mkazi pansi.

"Achimwene, anthu anuwa amangoima chonchi tsiku lonse? Satopa?"

"Ndi penti, achemwali."

"Ine ndikhoza kuwayendetsa."

Ndinaganiza kuti akunena za matsenga, ndipo ndinagwiritsitsa makwerero. Anaseka mpaka anatsamira khoma losauma n'kudetsa bulauzi yake.

Ameneyo anali Mwatitha. Ankakonza mafoni pakhonde loyandikana nalo, ndipo anali ataphunzira za makompyuta kusukulu ina yakutali. Anali ndi kompyuta yakale yothyoka pakona, imene ankaiphimba ndi chitenje ngati khanda. Anandiuza kuti kuyambira kale ankafuna kupanga gemu yakeyake, yomenyana, yothamanga, yoti izilowa ngakhale m'foni yotchipa. Chimene ankasowa ndi munthu wojambula.

Gemuyo tinaitcha Liwiro. Nkhani yake inali yachidule. Akuba aba ng'ombe za mudzi. Iwe wosewera uli pa njinga, ukuwalondola. Panjira amakutchingira, iwe n'kumawamenya ndi chibakera, ndi mwendo, ngakhale ndi pampu ya njinga. Ukafika pamene abisa ng'ombe, umazitembenuza n'kubwerera nazo pa msewu womwewo mpaka kumudzi. Ine ndinkajambula papepala, iye n'kulowetsa m'kompyuta. Ndinajambula msewu wofiira, mitengo ya mango, chigayo, tchalitchi cha njerwa zosawotcha, mlatho wa mitengo. Tsiku limene munthu wanga woyamba anakweza mwendo n'kupalasa, ndinavula nsapato, chifukwa ndinaona ngati ndaima pamalo oyera.

Mwatitha sankabisa kanthu. "Kudumphaku ndaonera gemu ina ya kunja," anatero. "Kamenyedweka ndaonera inanso. Kamzere kofiira kosonyeza mphamvu zotsalaka kali m'gemu iliyonse padziko."

"Ndiye chathu n'chiyani?"

"Njinga."

"Njinga anapanganso ndi akunja."

"Ndiye pampu," anatero, ndipo tinaseka.

Koma panali chinthu chimene chinkandisowetsa mtendere. Wakuba akamenyedwa mpaka kugwa, ankathwanima kawiri n'kuzimiririka ngati utsi. Ine ndinali nditamujambula nkhope, ndinali nditamupatsa chigamba pa bondo. Tsiku lina ndinafunsa.

"Achemwali, ameneyu wapita kuti?"

"Wafa."

"Thupi lili kuti?"

"Magemu onse amatero, achimwene. Akafa amasowa, kuti msewu uyere."

"Ine ndakhomapo mabokosi. Munthu sasowa. Amalemera. Ameneyu alibe amayi ake?"

Anachotsa sikuludiraiva imene inali pakamwa pake. Kenaka anati, "Ndijambulireni masamba."

Umu ndi mmene masamba analowera mu Liwiro. Popita unkamenya mmene ungathere. Koma pobwerera ndi ng'ombe, paliponse pamene unagwetsa munthu unkapeza nthambi zitayalidwa pamsewu, anthu atakhala pansi pa mtengo, utsi ukufuka kuseri. Panali batani lotsikira njinga. Ukalidina, munthu wako ankatsika n'kumakankha pang'onopang'ono mpaka kudutsa. Tinapempha amayi a kwaya ya kumpingo kwathu kuti atiimbire milomo ili yotseka, popanda mawu, ndipo Mwatitha anawajambula pa foni. Mmodzi wa iwo anatsokomola pakati pa nyimbo. Tinakusiya kutsokomolako.

"Nanga munthu akadutsa osatsika, chichitike n'chiyani?" ndinafunsa.

"Ndikuganizabe," anatero.

Ndinafunsanso nyengo ya dzinja, ndinafunsanso nyengo yokolola. Yankho linali lomwelo. Pamenepo n'kuti atayamba kuonda, ndipo ankapumira kawirikawiri pokwera kakhonde kake. Tsiku lina anandiuza zoona.

"Sindinaikepo kanthu. Akadutsa, wadutsa."

"Popanda chilango?"

"Inu pa msewu weniweni amakumenyani ndani mukapanda kutsika?"

Gemu itatha, Mwatitha analibe mphamvu zoyendera. Anandituma ine ku mzinda waukulu, kwa a Phambala, amene anali ndi kampani yogulitsa magemu a m'mafoni. Mzindawo ndimaukumbuka ngati madzi othamanga. Nyumba yawo inali yozizira, ya magalasi okhaokha. A Phambala anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, ndipo anasewera Liwiro kuyambira poyamba mpaka pomaliza osayankhula. Zala zawo zinali zachangu kuposa za aliyense amene ndinamuonapo. Atafika pa masamba oyamba anatsika. Pa achiwiri anatsikanso, akugwedeza mwendo. Pa achitatu anangodutsa akupalasa, n'kudikira kuti aone. Sipanachitike kanthu. Anaika foni pa tebulo.

"Akulu, ndikuuzeni mosabisa, chifukwa mwachokera kutali," anatero. "Zojambula zanu n'zokongola. Kumenyanaku ndakuonapo m'magemu ambirimbiri, ndipo ena amakuchita bwino kuposa apa. Chibakera chanu chimachedwa. Chatsopano m'gemu yonseyi ndi masambawa basi. Koma masambawa sagwira ntchito. Ukatsika supindula, ukadutsa suluza. Ndiye ndi achiyani? Munthu wagula gemu yotchedwa Liwiro, inu mukumuyendetsa ngati ali pa maliro."

"Ali pa maliro, bwana."

Anaseka, koma osati monyoza. "Chotsani masamba. Tikonza chibakera, tiika nyimbo zamphamvu, ndipo ine ndiitenga. Dzina la mayi wakutumaniyo lidzamveka. Mukawasiya, gemuyi ifera m'thumba mwanu."

Ndinabwerera ndi mawu amenewo. Ndinapeza Mwatitha ali gone pamphasa kwa mchemwali wake, kompyuta ili pambali, yophimbidwa. Ndinamufotokozera zonse, osachotsapo kanthu.

"Za chibakera akunena zoona," anatero. "Chimachedwadi."

"Nanga masamba?"

"Masambawo ndi anu, achimwene. Ine ndinangowayendetsa. Mukafuna chotsani, mukafuna siyani. Ine ndatopa, ndiimbireni."

Ndinamuimbira nyimbo ya kwathu kumwamba, ndi besi ya a Kamtedza imene sinandikhale bwino. Anamwetulira chifukwa cha kuphonya kwanga. Masabata angapo pambuyo pake tinamuperekeza kumanda.

Kwa a Phambala sindinabwerereko. Nthawi zonse ndikati ndinyamuke, ndinkaona wakuba wa chigamba pa bondo akuthwanima n'kusowa, ndipo miyendo inkakana. Ndinapereka gemuyo kwa munthu wina wolowetsa nyimbo m'mafoni pamsika, kuti aziikira aliyense woifuna, ndipo ndinachoka m'tauniyo.

Kuyambira pamenepo ndinayenda ndi funso limodzi, ndipo linkalemera kuposa maburashi. Kodi ntchito ya Mwatitha ndinaisunga, kapena ndinaikwirira naye limodzi? Dzina lake likanamveka. Ndine ndinatseka chitseko, chifukwa cha nthambi zojambula. Ndinkapemphera za ichi m'matchalitchi a malata ndi a udzu, koma kumwamba kunali chete, monga kumakhalira nthawi zina kwa ana ake omwe.

Ndinakhala pa esiteti ya fodya, ndinaphunzira kusankha tsamba ndi kuligwira ndi nsonga za zala. Ndinakhala pamudzi wa m'phiri, kumene ndinajambula mapu pa makoma a sukulu, maiko amene sindidzawaona. Ndinakhala m'tauni ya njanji, ndinaphunzira kuwotcherera zitsulo ndipo diso limodzi linachita khungu pang'ono. Kulikonse ndikaona munthu ataweramira foni, zala zikuvina, ndinkadutsa kumbuyo kwake mwakachetechete n'kusuzumira. Ndinkaona magalimoto, mfuti, mpira, zilombo za mapiko. M'tauni ya njanji ndinamupeza mmodzi amene ankaidziwa gemu yathu ya Liwiro.

"Ya njinga ija? Ndinafufuta, madala. Yotopetsa. Umamenya bwinobwino, kenaka maliro, maliro, maliro. Ngati ndikufuna maliro ndingopita kwathu."

Ndinamuthokoza. Tsiku limenelo ndinavomera mumtima kuti a Phambala ananena zoona zonse. Ndinapempha Mulungu kuti akandipepesere kwa Mwatitha, ndipo ndinasiya kusuzumira m'mafoni a anthu.

Imvi zinabwera. Njinga ya malume inatha, ndinayamba kuyenda pansi. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinafika pa kamsika ka kumalire, kumene anthu amayankhula zinenero zosakaniza. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mkuyu kuti ndipume. Pafupi panali siteji ya kabaza, njinga zitatsamira mzere, eni ake ataunjikana pamodzi. Ndinatseka maso. Ndipo ndinamva amayi akuimba milomo ili yotseka. Ndinaganiza kuti ndikulota, kapena kuti nthawi yanga yakwana. Kenaka mmodzi wa amayiwo anatsokomola.

Ndinadzuka n'kupita pa gululo. Pakati panali chimunthu chachitali cha mapewa otambalala, anzake ankachitcha Sikelo, chitagwira foni yosweka galasi. M'galasimo munali msewu wanga wofiira. Munthu wanga ankakankha njinga pakati pa masamba, ng'ombe zili patsogolo. Amuna onsewo anali chete. Atangodutsa masambawo, phokoso linabuka.

"Enanso awo kutsogoloko! Sikelo, iwe ndiwe mliri!"

"Wamaliza mudzi wonse ameneyu. Adzukulu atopa nawe, aise!"

"Anandiyamba okha!" anakuwa Sikelo. "Ndikanatani, ndiwapatse moni?"

Ndinafunsa mwaulemu ngati ndingaonere nawo. Anandipatsa malo. Sikelo atafika pa masamba ena anatsikanso, akupukusa mutu.

"Bwanji osangodutsa?" ndinafunsa. "Mukuchedwatu."

Onse ananditembenukira ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Madala, pa masamba?"

"Ukadutsa tayala limaphulika," anatero wina wa chipewa chofiira.

"Bodza, ng'ombe zimabalalika."

"Msuweni wanga akuti foni imazima osayakanso."

"Alipo mwa inu amene anayesapo?" ndinafunsa.

Anayang'anana. Panalibe. Wa chipewa chofiira anati, "Ayese ndani? Foni yake ya ndani?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma ndinatsekanso.

"Ndiye gemuyi ndi yabwino?" ndinafunsa.

"Kumenya kwake n'kwachikale," anatero Sikelo. "Magemu ena amaposa. Chibakera chimachedwa ngati cha munthu woledzera."

"N'chifukwa chake ife sitiwerengera kumenya," anatero wa chipewa. "Kumenya aliyense amatha. Katswiri ndi amene wabweza ng'ombe maliro ali ochepa. Sikeloyu ndiye wotsiriza pa siteji yonse. Woyamba ndi mayi awo."

Analoza mayi wina amene anakhala pa chitini chapafupi, beseni la mandasi lili pamiyendo. Dzina lake linali Esinala. Amunawo anati mayiyo amapita mpaka kwa ng'ombe osagwetsa munthu ngakhale mmodzi. Amazemba, amadumpha, amalowa m'chimanga, pa mlatho amadikira wakuba atembenuke.

"Sizingatheke," ndinatero. Ine ndi Mwatitha sitinaganizepo zoti munthu angayese zimenezo. Tinaika adani kuti azimenyedwa.

"Agogo akuti sizingatheke," anaseka Sikelo. "Mayi, aonetseni."

Mayi Esinala anapukuta manja pa chitenje. "Gwirani beseni, bambo, muziingitsa ntchentche. Mukadyapo ngakhale limodzi ndiona."

Ndinakhala pambali pawo, beseni lili pamiyendo panga, dzanja likukupiza, maso ali pa galasi losweka. Anapalasa. Wakuba woyamba anatuluka pa chigayo, iwo anakhotera kumanzere n'kumusiya akumenya mphepo. Wa chigamba pa bondo anadumpha kuchokera mumtengo wa mango, iwo anawerama n'kudutsa pansi pake. Ankayankhula nawo ngati ana osamva. "Choka iwe. Pita kwa amako. Lero sindikupha." Amuna aja ankawomba m'manja pa kuzemba kulikonse. Pa mlatho mphamvu zinatsala pang'ono kutha, kamzere kofiira katangotsala kadontho, koma anadikira, anadikira, n'kudutsa. Anafika pa ng'ombe, anazitembenuza.

Ndipo ndinaona chimene sindinachionepo. Msewu wobwerera unali woyera. Panalibe nthambi, panalibe utsi kuseri kwa nyumba. Ng'ombe zinkathamanga, njinga ili pambuyo, mlatho, tchalitchi, mitengo ya mango, chigayo, zonse zikudutsa mwa liwiro limene dzina la gemuyo linkalonjeza. Msewu umenewo ndinaujambula ndine, Mwatitha anauyendetsa, koma tonse awiri sitinauonepo chonchi. Unali momwemo zaka zonsezi, kudikira munthu woti aupeze.

"Bambo, mukulirira mandasi anga?" anatero Mayi Esinala. "Misozi ikugwera m'beseni."

Ndinapukuta nkhope. "Mukudziwa amene anapanga gemuyi?"

"Akunja," anatero wina.

"Akunja angadziwe za masamba?" anatero wa chipewa. "Ameneyo ndi munthu wa konkuno. Wadyapo fumbi lathu."

"Ndi mayi," ndinatero. "Dzina lake Mwatitha. Ankakonza mafoni pakhonde. Ine ndinkangomujambulira."

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato zong'ambika mpaka ku imvi. Sikelo anatenga foni, anayang'ana wakuba wa chigamba, anayang'ananso chikwama changa chimene maburashi ankasuzumira. Ndinatola kamtengo n'kujambula nkhope ya wakubayo pa fumbi, mizere yochepa chabe. Wa chipewa anaimba mluzu.

"Ndiye mayiyo ali kuti?" anafunsa Mayi Esinala. "Ndikufuna ndimufunse za pa mlatho paja. Anaikapo nkhanza."

"Anatisiya kalekale. Sanaone munthu ngakhale mmodzi akusewera."

Mayi Esinala anandilanda beseni, analiika pansi, n'kugwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri.

"Pepani, bambo."

Kenaka anabwera wa chipewa, chipewa chili m'manja. Kenaka wina, kenaka wina, mmodzimmodzi, monga amachitira pa siwa, aliyense akuwerama pang'ono. Munthu wina wofuna kabaza anaima pamsewu n'kumaitana, koma palibe anatembenuka. Ine ndinkangoti zikomo, zikomo, ndipo sindinkadziwa ngati ndikuuza iwo kapena Iye amene anandisunga ndi moyo mpaka kufika pa mkuyu umenewo.

Womaliza anali Sikelo. Dzanja langa linasowa m'dzanja lake.

"Pepani kwambiri, madala. Anali mayi wanzeru." Anaima pang'ono, osandisiya. "Koma mukadzakumana nawo kumeneko, mukawauze kuti chibakera chimachedwa."

"Akudziwa," ndinatero. "Ananena okha."